Namondwe Atataya Dzina

Santa Marta, 8 Sepitembala

Clementia, doudou wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli wamphamvu, iwe, ana ndi amayi ako. Kaya bondo lawo lija laphwa? Ine ndili bwino. Msana wokha ndi umene umandilonjera m'mawa, koma ntchito sukundiletsa.

Tikupakira nthochi zopita ku Antwerp. Zakuno n'zazikulu kuposa zathu za ku Mabouya, zosalala ngati zopaka mafuta, koma ndinaphikako ziwiri ndi bakayawo, m'kamwa ngati ukutafuna kandulo. Azungu akudya zimenezi n'kumati akudya nthochi.

Tsopano khala pansi. Ndakumana ndi mlongo wako Placide. Ndimatuluka padoko kukagulira mwana wathu Eugenie nsapato, ndinangomva munthu akukuwa kumbuyo, "Konpè! Ukadali moyo, wakuba mlongo wanga iwe?" Wanenepa, wasunga ndevu. Ali pa sitima yotchedwa Santa Oria, yakalekale, dzimbiri lokhalokha, matabwa ataunjika pamwamba mpaka kubisa mazenera. Ndinamufunsa ngati chinthu chimenechi chimayendadi. Akuti, "Chimayenda, mlamu, kungoti akamba amatipitirira n'kutibayibitsa." Ananyamuka kale, akupita ku Ireland. Njira yathu ndi imodzi, tikawapitirira pakati pa nyanja. Ndinamukalipira za kusalemba makalata, iye n'kungoseka.

Pa sitima yathu pabwera bwana watsopano woyang'anira mapu ndi njira, ndipo ndi mzimayi, Mayi Yearwood a ku Barbados. Ndi aafupi, osayankhulayankhula, pensulo ili kukhutu nthawi zonse. Akuti asanalowe ntchito ya panyanja ankagwira ku ofesi ya zanyengo kwawo. Kapitawo wathu Cuthbert, wa ku Grenada uja ndinakuuza kuti pakamwa pake sipapuma, akuti tikafika ku Africa m'malo mwa ku Ulaya tisadabwe. Mayiwo anamva, sanatembenuke n'komwe.

Andisankha ine kuti ndiziwatungira madzi a m'nyanja ndi kandowa ka labala kachingwe chachitali. Amaviikamo kagalasi konga koyezera malungo, amayang'ana mitambo, mafunde ndi singano yoyeza mpweya, kenako wa wailesi amatumiza zonsezo kwa akatswiri a zanyengo kumtunda. Akuti sitima zambiri zimachita zomwezo. Anzanga akunditcha namwino wa nyanja.

Nyengo yoipa ija yakwana. Uitane mnyamata wathu Rosemond akwere padenga akhomerere malata a kukhitchini, agule misomali ya zisoti, osati wamba. Nthochi zamikoko azichirikize ndi mphanda. Mbuzi usamazimangirirenso kumtsinje.

Ndine wako,
Fulgence

Panyanja, 11 Sepitembala

Doudou,

Moni kwa nonse. Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene unali m'malere dzulo. Kalatayi ndilibe poiponyera mpaka tikafike, koma kukhala chete ndalephera.

Tinali titangodutsa pakati pa Puerto Rico ndi Santo Domingo pamene wailesi inalengeza kuti kum'mawa kwa zilumba zathu kwabadwa namondwe, amutcha Griselda. Ndinasiya chakudya m'mbale. Maso anga ankangoona mtsinje wa kwathu, ndi iwe ukuthamanga ndi matiresi pamutu ngati ulendo uja.

Nditabweretsa ndowa, Mayi Yearwood anandiyang'ana n'kufunsa, "Mathurin, kwanu n'kuti?" Ndinati Dennery, ku Saint Lucia. Anandilowetsa m'chipinda cha mapu, momwe ife wamba sitipondamo. Muli makina amene amatulutsa pepala pang'onopang'ono, lonunkha ngati chopsa, ndipo papepalapo pamabwera chithunzi cha nyengo ya nyanja yonse. Anandionetsa kadontho kamene kali chilumba chathu, ndi mizere yozungulirazungulira ya Griselda, ngati mkati mwa anyezi.

"Taona apa," anatero. "Kumpoto kwake kwatseguka mpata. Namondwe sakankha khoma ngati khomo lili potsegula. Akhotera kumpoto asanafike kwanu."

Ndinati, "Mukunena zoona, mayi, kapena mukungondilimbitsa mtima?"

"Ine sindilimbitsa munthu mtima ndi bodza. Mvula igwa yambiri, mtsinje udzaza, nthochi zina zigwa. Denga litsala. Zikasintha, woyamba kumva ndiwe."

Lero m'mawa anandiitana okha ndili pamwamba pa makwerero ndikupenta. Anangokweza pepala m'mwamba n'kuloza ndi pensulo. Wakhota, Clementia. Wakhota pomwe ananena paja. Ndinatsala pang'ono kugwetsa chitini cha penti.

Ndawona anthu ambiri odziwa ntchito pa sitima, koma munthu woyang'ana mizere papepala n'kukuuza chimene mphepo ichite mawa, ameneyu sindinamuonepo. Iwo akuti nzeru si zawo zokha, kumtunda kuli anthu amene amasinthana pampando usana ndi usiku kusonkhanitsa zimene sitima ndi ndege zaona, anthu oti sitidzawadziwa nkhope.

Ngati madzi analowa m'munda wa kumunsi, usalimbane nawo wekha. Upemphe anansi athu a Hippolyte akuthandize kutsegula ngalande, ine ndidzawaona ndikabwera.

Fulgence

Panyanja, 14 Sepitembala

Clementia,

Ndikukulonjerani nonse, ine ndili bwino. Ndikulemba mofulumira chifukwa tikumanga chilichonse chimene chingagubuduke.

Griselda anadutsa kumbuyo kwathu, anapita cha ku Bermuda akuyenda mwaulesi. Lero m'mawa wailesi inati wayamba kufooka, ndipo mawa sadzakhalanso namondwe wa dzina. Kukantini kunali chisangalalo. Cuthbert anavina ndi mopu, akuti, "Mayi Griselda akalamba, mano agweruka, abwerere kwawo akalere zidzukulu!" Nyanja inali bata, dzuwa lili phwee.

Koma madzi a m'ndowa yanga ayamba kuzizira m'manja, ndipo Mayi Yearwood sanatsike kudzadya.

Masana inali nthawi yanga yogwira chiwongolero, choncho zonse ndinazimva ndi makutu anga. Kaputeni wathu, a Pugh, ndi nkhalamba ya ku Wales yotsala pang'ono kupuma ntchito, yokonda kumung'unya maswiti. Anabwera ndi mapepala awiri, lina la zanyengo, lina la kampani lowakumbutsa tsiku limene nthochi zikufunika pamsika.

"Yearwood, akuti chinthu chako chija chikufa. Ndiye nkhope yakoyo yaipiranji?"

"Werengani mpaka pansi, bwana. Sanalembe kuti akufa. Alemba kuti akusintha."

Anafotokoza, ine khutu lili tcheru. Akuti namondwe wa kwathu amayamwa madzi otentha, ndi wamng'ono thupi koma wolusa, amazungulira ngati nguli, diso lili pakati. Akafika pamadzi ozizira, chakudya chimamuthera. Ambiri amafera pomwepo. Koma wina akakumana ndi mphepo yozizira yotsika kuchokera ku Canada, amaigwira n'kuyamba kudya imeneyo. Diso limatsekeka, dzina amamuchotsera, koma thupi limatambalala kutali kwambiri, ndipo amene ankakwawa uja amayamba kuthamanga kuposa sitima iliyonse.

"Mphepo yozizirayo ndi iyi apa," anatero akuloza. "Ndipo njira imene adzathamangire ndi yathu yomweyi."

"Uli ndi chitsimikizo?"

"Ayi, bwana. A kumtunda nawonso alemba poyera kuti akukayika. Mphepoyo ikachedwa, Griselda afa yekha, ine ndidzakhala chitsiru chimene chapsetsa nthochi za anthu. Koma ikafika pa nthawi yake, mawa atipeza, ndipo pamenepo kothawira kudzakhala kulibe. Kuthawa n'kwa lero."

A Pugh, switi ikugogoda m'mano, anapinda pepala la kampani lija n'kuliika m'thumba. Kenako anati, "Mathurin, khotera kumanja." Tsopano tikulowera cha kumwera kwa zilumba za Azores, njira yotalika.

Pali china. Santa Oria ili kutsogolo kwathu, cha kumpoto. Ndinalimba mtima n'kuwauza mayiwo kuti mlamu wanga ali m'menemo. Nthawi yomweyo anatenga wailesi. Kaputeni wa uko anayamba n'kuseka, akuti wamva kale kuti namondwe watha, ndipo sitima yake yaona zoposa pamenepo. Mayiwo sanakweze mawu. Anamuwerengera zimene sitima zina zayeza, chimodzichimodzi, n'kumufunsa kuti matabwa ake amangidwa ndi maunyolo angati. A Pugh analanda cholankhulira n'kunena mawu amene sindingalembe m'kalata yoti ana angaione. Pamapeto pake kaputeni wa uko uja anavomera kukhota. Koma sitima yake n'njoyenda pang'onopang'ono, Clementia, ndipo ili kutali mkati.

Cuthbert akuti tikuthawa mtembo. Mwina akunena zoona. Ndikanakonda atanena zoona.

Fulgence

Panyanja, 17 Sepitembala

Doudou,

Ndili moyo, tonse pa sitima yathu tili moyo. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi lamanzere. Lamanja linakumana ndi chitseko chachitsulo, likupumula kaye. Si nkhani yaikulu.

Namondwe uja anabwera. Ife akuti tinali m'mphepete mwake chabe. Ngati m'mphepete muli chomwecho, za mkati sindikufuna kuzidziwa. Mphepo yake si yofunda ngati ya kwathu ija, n'njozizira yoluma m'mafupa. Mafunde ankachokera mbali ziwiri nthawi imodzi. Zina ndidzakuuza pamaso, zina mwina ayi.

Mayi Yearwood anadzimangirira ndi lamba patebulo la mapu. A kumtunda anapempha kuti sitima zonse zili pafupi zizitumiza zimene zikuona pafupipafupi, ndipo iwo sanaphonye ngakhale kamodzi, singano ikutsika, makapu akuuluka, iwo akulemba. Cuthbert anawakwerera ndi tiyi akukwawa ndi maondo, theka atatayira pamalaya. Sananene nthabwala.

Santa Oria sikuyankha pawailesi chiyambire dzana. Akuti kawirikawiri zimakhala kuti mlongoti wa wailesi wathyoka basi. Tabwerera, tikupita kukawafuna.

Ndikudziwa kuti makalatawa udzawalandira onse pamodzi. Komabe, ukafika apa uli ndi amayi pafupi, usawerenge mokweza.

F.

Panyanja, 20 Sepitembala

Clementia wanga,

Uwauze amayi kuti mwana wawo ali pano, pabedi la pansi pa langa, akuliza mkonono ngati injini. Ndayamba ndi zimenezi kuti upume. Ine ndili bwino, dzanja likuphwa.

Tinafika pamalo pamene Santa Oria inayankhulira komaliza, tinapeza madzi okhaokha. Ndege ya ku Azores inazungulira, mitambo inali pansi, sinaone kanthu. Kenako tinayamba kukumana ndi matabwa akuyandama, ambirimbiri. Palibe amene anandiyang'ana kumaso tsiku limenelo.

Mayi Yearwood anandipeza nditatsamira chitsulo cha m'mphepete. Anati, "Matabwa si sitima, Mathurin. Ukaona matabwa okha, opanda mafuta, opanda zovala, ndiye kuti anawadula dala kuti sitima ipepuke. Kumeneko kuli anthu amene mitu yawo ikugwira."

Anabwerera kumapu. Anatenga mphepo yonse imene analemba m'kati mwa mkuntho muja, kolowera kwake ndi mphamvu yake, n'kuwerengera kumene sitima yakufa injini ingakankhidwire. Anafunsana pawailesi ndi a kumtunda, uku akuti apa, uko akuti ayi sunthani pang'ono, ngati amayi awiri akuyeza nsalu. Anajambula kabokosi pamapu n'kuuza a Pugh kuti tiyambire ngodya ya kum'mawa. Kumeneko tinapezako nyanja yokha. Iwo anafufuta, anawerengeranso, osachita manyazi, n'kunena kuti, "Ndinachepetsa mafunde. Titsikire kumwera."

M'mawa mwake Cuthbert, ali pamwamba pa mlongoti, anakuwa mpaka mawu kusasa. Inali iyo, itapendekeka, yopanda mlongoti, yopanda bwato ngakhale limodzi, mazenera a kutsogolo ataswekeratu, anthu akugwedeza mabulangete.

Tinatsitsa bwato. Ine anandikaniza chifukwa cha dzanja, ndinangoima pamakwerero. Anabwera ndi ovulala awiri, ena atsala kudikira sitima yokoka imene yanyamuka ku Azores. Placide anamukweza m'machira, mwendo atauthandizira ndi thabwa, nkhope yotuwa ndi mchere. Atandiona anati, "Konpè, mwachedwatu. Kapena munaima pogula nsapato?" Kenako anandigwira malaya n'kuyamba kulira ngati mwana, ine ndemwe.

Si onse. Mnzake wina wa ku Guyana, Ramdeen, funde linamutenga pamene ankadula maunyolo a matabwa. Anali awiri pa unyolo umodzi, iye ndi Placide. Usamufunse za zimenezi akabwera, adzanena yekha akafuna.

Kaputeni wawo anayankhula pawailesi ya m'manja, anapempha kuti amve mawu a mayi uja. Akuti pamalo pamene akanakhala akanapanda kukhota, sitima ina yaikulu kuposa yawo kawiri yathyoka zitseko za katundu ndipo yapulumukira pang'onong'ono. Anathokoza mpaka mawu kumuthera. Mayi Yearwood anangoti, "Pepani za munthu wanu. Ndikanakuitanani m'mawa, osati masana." Atatero anapita kukagona, koyamba chiyambire zonsezi, nsapato zili kuphazi.

Dokotala wa pawailesi wati fupa la Placide lathyoka bwino, angathe kudikira mpaka ku Antwerp. Akudya ngati dzombe. Akuti chakudya chathu n'chabwino kuposa cha kwawo, ndiye uone mmene ankavutikira.

Ukapita kutchalitchi uyatse kandulo ya Ramdeen. Dzina lake loyamba sindikulidziwa, ndipo sanali wa mpingo wathu, koma uyatse.

Fulgence

Antwerp, 27 Sepitembala

Doudou wanga,

Moni kwa iwe, kwa amayi, kwa Rosemond ndi Eugenie. Ndili bwino. Adokotala akuno aliona dzanja, akuti zala ziwiri sizidzapindikanso bwinobwino, koma chingwe ndizigwira. Za ulendo wotsatira tidzakambirana, kampani sinanene kanthu.

Kalata yako ndaipeza ku nyumba ya amalinyero. Ndaiwerenga katatu. Zikomo kuti mbuzi unazichotsa msanga. Nthochi zagwazo usadandaule nazo, mudule makolo, ana ake aphuka. Ndinaseka pamene walemba kuti ndikakumana ndi Placide ndimukoke khutu. Ndamukoka.

Titatsegula zipinda za katundu, fungo linatiuza tisanaone. Chipinda chimodzi makina oziziritsa anaima nthawi ya mkuntho, nthochi zonse zapsa, zachikasu ngati za pamsika wa ku Castries. Kunabwera azibambo a masuti, nkhope zili gwa. A Pugh anawatsekera m'chipinda chawo nthawi yaitali. Zimene anakambirana sitikudziwa, koma ulendo wotsatira sitima ikhala ndi kaputeni wina. Akuti apuma msanga mwa kufuna kwawo. Potsika anagwira chanza aliyense, mpaka otsuka mbale. Atafika pa Mayi Yearwood anavula chipewa. Nkhalamba ija, pamaso pa tonsefe. Anati, "Ndayenda panyanja moyo wanga wonse, mwana wanga, ndipo anthu ondiuza kuti akutsimikiza ndakumana nawo ambiri. Iwe unandiuza kuti sukutsimikiza, n'chifukwa chake ndinakumvera."

Dzulo mayiwo anandiitana n'kundionetsa uthenga wochokera kwa a zanyengo. Akuthokoza sitima yathu. Akuti zimene tinkatumiza zija zinawaonetsa kuti mkunthowo ukukula msanga kuposa mmene ankaganizira, ndiye anakweza chenjezo nthawi ikadalipo, asodzi a ku Ireland ndi ku France anabwerera kumadoko usanafike. Akuti kumeneko wagwetsa mitengo ndi madenga, wopanda dzina, manyuzipepala akungoti mphepo yamkuntho. Ndinafunsa ngati anthu a kumeneko akudziwa kuti ndi yemwe uja anadutsa pafupi ndi kwathu. Anati, "Ochepa. Koma ndowa yako ili m'menemo, Mathurin."

Ndinawafunsa ngati sakuopa kuti kampani iwachita zomwe yawachita a Pugh. Akuti mwina, kenako anandifunsa ngati Placide wapeza ndodo zoyendera. Cuthbert tsopano salola munthu kukhala pampando wawo kukantini. Akuti iye anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti mayiwa ndi katswiri.

Kuno kwayamba kuzizira ndipo zinthu n'zodula, malalanje amagulitsa limodzilimodzi ngati mazira. Nsapato za Eugenie zinanyowa koma zauma bwino. Ndimupatsira Placide, kampani yawo imukweza ndege akangomuchotsa m'chipatala. Umukonzere chipinda cha kutsogolo, masitepe a kwa amayi sangawathe. Ndili naye pano pambali pa bedi, akundilanda cholembera.

Wako nthawi zonse,
Fulgence

Mlongo, ndine Placide. Wati sindilemba, ndiye ona, ndalemba. Mwendo auika m'chikhakha mpaka m'chiuno, anamwino akuno sakumva nthabwala zanga. Mwamuna wakoyu ndamuona bwinobwino, ndakhululuka, ukhoza kumusunga. Uwauze amayi ndikubwera, ndipo ulendo uno ndikhalitsa. Ramdeen anasiya mkazi ndi ana ku Berbice, ndili ndi wotchi yake. Ndikachira udzandithandize kulemba kalata ya kumeneko, pandekha ndayesa, zikukanika.